Mawaya a Usta Shehata

Mumsewu mwathu, kuseri kwa chipata cha Bab Zuweila mu Kairo wakale, munthu wofuna kukaoneka bwino pamaliro kapena paukwati ankayamba wadzera kwa Usta Shehata, ndiye kuti mmisiri Shehata. Shehata anali wosita zovala, koma osati ndi tisimbi tamagetsi timene ngakhale mwana angatinyamule. Yake inali simbi yaphazi, chichitsulo cholemera ngati mwana wa bulu, chimene ankachitenthetsa pang'anjo n'kumachiyendetsa pansalu atachiponda ndi phazi lamanja, msana uli chiweramire. Madzi owaza pansalu sankawaika m'botolo ayi. Ankawapapira m'kamwa, n'kufufumitsa masaya, n'kuwapemerera pamkanjo: pfuuu! Aliyense wodutsa pakhomo pake m'mawa ankasamba kachiwiri osapempha.

Moyang'anizana ndi shopu yake, pafupi poti munthu akhoza kupatsira mnzake moto wa ndudu osadzuka pampando, panali shopu ya mlamu wake Fathalla, mchimwene wake wa mkazi wake Zeinat. Fathalla ankapanga nyali za Ramadani, za malata ndi magalasi amitundumitundu, ndipo ankadzitama ngati kuti mwezi womwe anauwotcherera kumwambako ndi iyeyo. Awiriwa sankalankhulana. Chaka china Fathalla anatengera mkanjo wake wa Idi ku shopu ya makina a nthunzi ya kumsewu waukulu, ndipo Shehata atangouona kumzikiti anadziwa kuti mzere wa pamkonowo si wake. Kuyambira tsiku limenelo, akafuna kuuzana kanthu ankadzera kwa Zeinat, amene ankakhala pakhonde la m'mwamba akusenda adyo.

"Mayi a Nagat! Muwauze achimwene anuwo kuti utsi wawo ukundidetsera zovala za anthu."

"Chemwali! Uwauze amuna akowo kuti malovu awo akundichititsira dzimbiri malata."

Zeinat sankabwereza n'komwe. Ankangoti, "Mwamvana," n'kupitiriza adyo wake.

Shehata anali ndi mwana mmodzi yekha, Nagat, ndipo pamwana ameneyu mtima wake wouma uja unkasungunuka. Nagat atapeza mwamuna, Medhat, mwana wa a Haji Metwalli ogulitsa nsalu, bambo wake ankangolota chinthu chimodzi. Tsiku lomanga ukwati, shehe akadzayala kampango koyera pamwamba pa manja awiri ogwirana, dzanja lina lidzakhale la mkwati, linalo lidzakhale lake, iyeyo Shehata, ndipo adzanene ndi pakamwa pake kuti wapereka mwana wake. Kampangoko anagula kalekale, Nagat asanatomeredwe n'komwe, ndipo ankakasita Lachisanu lililonse ngakhale kuti palibe anakagwirapo. Analumbiranso pamaso pa onse omwa tiyi kuti paukwati umenewu Fathalla sadzakhudzapo ngakhale supuni ya ntchito. Adzabwere, adzadye, adzapite.

Vuto linabwera ndi mayi ake a mkwati, a Haja Sekina. Tsiku limene anadzaona nyumba anaima pakati pa msewu, nayang'ana kumwamba, nakwinya mphuno.

"Kanjira kanuka n'kamdima, asewere. Abale athu a ku Mansoura akadzafika adzayesa kuti abwera kumaliro. Magetsi akhale ambiri, kuyambira uko mpaka uko."

Mumsewu mwathu ngakhale mphaka ankadziwa kuti magetsi a ukwati amakoleka ndi Fathalla, ndipo wachibale sankamulipiritsa. Koma Shehata anaimitsa ngolo ya wogula zakale, nagula thumba lathunthu la mababu amitundu okhala ndi mawaya oduka zidutswazidutswa. Wangoloyo, pokondwa kuti watula mtolo, anaikapo basela: kachitsulo kamagetsi kowotcherera mawaya ndi mkombero wa mtovu.

"Bambo a Nagat," anatero Zeinat atasuzumira m'thumbamo, "inu ndi mawaya munadziwana liti?"

"Chitsulo chamoto ndi chitsulo chamoto, mayi. Chachikulu ndachiweta ndi phazi moyo wanga wonse, ndiye kakhanda aka kandikanike ndi dzanja?"

Pa ntchito yake yosita Shehata anatolapo lamulo limodzi, loti chitsulo chamoto chizikhala choyera kunkhope, chisamamatire kanthu. Ndiye ataona kuti kunsonga kwa kachitsuloko kwamata mtovu wa mwini wake wakale, anapukusa mutu. Uve wa anthu! Anatenga tupa nakwecha mpaka mkuwa wofiira unaonekera, kenako anapakapo kandulo monga ankachitira ndi simbi yake kuti iziterera bwino pansalu. Atalumikiza kumagetsi, kachitsuloko kanafuka, nsonga n'kuda bii. Anagunditsapo mtovu. Mtovuwo unayamba wakana, kenako unasungunuka monyinyirika, n'kuunjikana kukhala kamkanda, n'kugubuduka, n'kugwera pachala chachikulu cha phazi lake lantchito lija.

Msewu wonse unamva dzina la agogo ake a wangolo uja likutukwanidwa.

Anakwechanso, napakanso kandulo, ndipo mtovu unagubudukanso. Tsiku linapita, lina linabwera. Pansi pa tebulo panadzaza timikanda tonyezimira, nsonga ikufupikirafupikira, koma panalibe mawaya awiri amene anagwirana. Atatopa anakumbuka kuti nsalu youma siimva simbi. Anapapira madzi, nafufumitsa masaya, napemerera mawaya pamodzi ndi kachitsulo kali pamagetsi. Magetsiwo anamupsompsona pamilomo mwakuti ndevu zake zinakhala chiimire mpaka madzulo.

Kutsidya kwa msewu Fathalla ankazunzika kuposa mwini wake. Munthu amene wakulira pa mtovu akamva fungo la nsonga yopserera amamva kuwawa m'mano.

"Chemwali, mumsewu muno muli munthu akupha chitsulo. Ndikumva fungo la mtembo."

"Ndiye bwanji osawauza mmene amachitira?"

"Andifunse. Pakamwa ali napo, amanyowetsa napo mzinda wonse. Angoti, 'Alamu, kodi zimenezi zimatani?' Basi, ine ndiwoloka msewu ndi miyendo yangayi."

Zeinat anatembenukira kwa mwamuna wake. "Mwamva?"

"Sindinamve kanthu. Ndifunse wamalata, ine? Munthu wosadziwa kusiyanitsa mzere wa phazi ndi mzere wa makina andiphunzitse za moto?"

Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhaniyo inalibe chinsinsi chilichonse. Nsonga yotentha amaiviika mu utomoni, n'kuidyetsa mtovu mpaka itavala yonse, ndipo chovala chimenecho sachivula. Kenako amatenthetsa mawaya awo eniakewo, mtovu n'kulowa wokha pakati pa tinthambo ngati madzi pamchenga. Ogulitsa mkate, ometa tsitsi ndi onyamula madzi onse ankazidziwa chifukwa chomuona Fathalla akugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Shehata yekha ndiye sankazidziwa, poti mpando wake anautembenuzira kukhoma chaka cha mkanjo chija.

Zeinat mtima unamupweteka chifukwa cha mwana wake. Anatsika, nawoloka msewu, natenga kachitini ka utomoni patebulo la mchimwene wake, Fathalla akuyang'ana dala kudenga. Anakakaika patebulo la mwamuna wake osanena kanthu, poopa kuti akatchula kumene kachokera kaponyedwa mumsewu.

Shehata anatsegula kachitiniko, naona timiyala tachikasu, nanunkhiza. Nkhope yake inawala.

"Mkazi ndiye ameneyu," anadziuza. "Waona zimene ine sindinazione. Chitsulochi wina anachigwetsera diso loipa."

Kwa iye timiyala tija tinali lubani. Anadula kachidole kapepala, natenga singano, nayamba kukaboola monga ankachitira amayi ake mwana akadwala. "Diso la Fathalla. Diso la mkazi wa Fathalla. Diso la apongozi a Fathalla. Diso la mphaka wa Fathalla, amene amandiyang'ana m'mawa uliwonse." Atatha anapala makala pang'anjo, nakhuthulirapo kachitini konse pamodzi ndi kachidole, nayamba kuzunguza kachitsulo kowotcherera pamwamba pa utsi, mosamala, osakhudzitsa. Msewu wonse unanunkhira nkhalango.

Fathalla anatsamwa ndi tiyi. "Chemwali! Wafukiza! Utomoni wanga wafukiza!"

"Mayi a Nagat," anafuula Shehata mokondwa, "muwauze achimwene anu kuti ngati akutsokomola ndiye kuti mankhwala afika kwa mwini wake."

Koma diso litachotsedwa mtovu unapitirizabe kugubuduka. Ukwati unali mawa lake, ndipo kunsonga kuja kunangotsala kachitsa. Shehata anakhala pansi manja ali pamutu. Kunena zoona ankachita mantha, ndipo kangapo maso ake anawoloka msewu okha, iye n'kuwabweza. Ndiye nzeru ya ntchito yake inamufikiranso. Pa zonse zimene zinamuvutitsapo pazovala za anthu, msuzi, inki, magazi a nkhosa ya Idi, panalibe chokakamira kuposa phula la makandulo. Ngati phula limakana kuchoka pamkanjo, lingachoke bwanji pawaya?

Anagula makandulo odzaza mtanga, nawasungunulira m'ketulo, nathiramo utoto wasiliva wopakira mipope. Mawaya ankangowapotokola ndi zala pang'ono, n'kuwaviika, n'kuwaviikanso, mpaka mfundo iliyonse inatupa ngati dzira la nkhunda. Zinkanyezimira kuposa mtovu weniweni. M'mawa wa tsiku la ukwati anakoleka mawaya kuchokera pakhonde lina kukafika pa lina, nayatsa pang'ono poyesa, ndipo mababu onse anayaka.

"Mayi a Nagat! Muwauze achimwene anu aphimbe maso, angachite khungu."

Fathalla anatuluka, nayang'ana mazira asiliva ali lendelende. Kenako ananena motsitsa mawu.

"Chemwali, matebulo asakhale pansi pa mawayawo."

"Akuti matebulo asakhale pansi pa mawaya," anatero Zeinat, kubwereza koyamba m'zaka zonsezo.

Shehata sanafunse chifukwa. Anaitana onyamula mipando nawauza kuti tebulo lililonse likhale pansi penipeni pa waya, kuti alendo akamadya aziona ntchito ya manja ake.

Inali nyengo yotentha, imene makoma a mumsewu mwathu amasunga moto mpaka dzuwa litalowa. Alendo a ku Mansoura anafika ndi njala ya ulendo, ndiye anagwirizana kuti adyeretu podikira shehe, amene amabwera ikatha swala ya madzulo kumzikiti. Shehata sanathe kudikira mdima. Anayatsa magetsi dzuwa likadali pamadenga, ndipo anthu anaombera m'manja. Mbale zazikulu za mpunga ndi nyama ya nkhosa zinayalidwa, nthunzi ili tolotolo kukwera kumawaya. Waya wongopotokola amatentha magetsi akamadutsa, ndipo mumsewumo munali mfundo zoterozo zosawerengeka.

Dontho loyamba linagwera m'mbale ya a Haji Metwalli iwo akuyang'ana kumbali. Anatapa, naika m'kamwa, natafuna. Anatafunabe. Anthu ena anameza kawiri katatu, a Haji akutafunabe, maso ali tong'o.

"Asewere," anatero pomaliza, mawu akutuluka movutikira, "mpungawu mwathiramo chiyani?"

Shehata anayang'ana m'mbalemo naona kachigamba kasiliva. Anakweza maso naona dzira lina likutalika pang'onopang'ono kulunjika pamutu pa mkwati. Akanatha kuzimitsa magetsi, kusuntha matebulo n'kupepesa, anthu akanaseka n'kuiwala. Koma kumapeto kwa tebulo kunali Fathalla, atapinda manja, akumuyang'ana.

"Batala wa njati zoweta ameneyo, a Haji. Wachokera kumudzi kwa amayi anga ku Sohag, kumwera uko."

"Batala wasiliva?" anafunsa a Haja Sekina akutokosa ndi supuni.

"Njati za kumeneko n'zonenepa, mayi. Mafuta ake amawala."

"Ndiye idyani tione."

Shehata anadya. Anatapa chigamba chonse, nameza, namwetulira, nati n'chokoma. Nthawi yomweyo dontho lina linagwera m'mbale ya amalume ake a mkwati, lina m'mbale ya mphunzitsi wa ku Mansoura. Shehata anathamangirako ndi supuni.

"Mwambo wa kwathu ku Sohag," ankatero popuma. "Mwini nyumba amalawira mlendo aliyense. Pepani, a Haji, ndilawenso apo. Mayi, tasunthani dzanja. Ulemu umenewu, ulemu."

Ankazungulira matebulo maso ali kumwamba, supuni ili patsogolo, ndipo madontho ena ankawawakha asanafike n'komwe pampunga. Alendo anasiya kudya n'kumangomuonerera. Nkhalamba ina ya ku Mansoura inanong'oneza mnzake kuti anthu a kumwera amalemekezadi alendo, kungoti amawamaliza ndiwo. Kumwambako mazira ankatha, mawaya n'kumasiyana, mzere wina wa mababu n'kuthima, wina n'kuthetheka, wina n'kugwera pamapewa a oimba ng'oma. Pamene shehe ankafika, dzuwa linali litalowa ndipo msewu unali ndi mdima woposa umene a Haja Sekina anaudandaula.

Zeinat anamupatsa mwamuna wake chakumwa chozizira cha maluwa kuti atsitsire. Kumeneko kunali kumumaliza. Phula limene linali lofewa m'kamwa linauma pomwepo, kumano, kunkhama, mpaka pansi pa lilime.

Shehe anakhala pansi nauza anthu kuti afulumire, poti banja lina linkamudikira kutsidya la mtsinje. Medhat anatambasula dzanja. Shehata anatulutsa kampango kake m'thumba la pamtima, kosalala popanda khwinya ngakhale limodzi, nagwira dzanja la mkwati, ndipo shehe anayala kampangoko pamwamba.

"Nenani pambuyo panga, Usta. Ndakupatsa mwana wanga Nagat."

"Mmbwaa... mmwaa."

"Mboni zimve, Usta. Ndakupatsa mwana wanga Nagat."

"Nngaa... nnguu."

"Akulankhula cha ku Sohag?" anafunsa a Haji Metwalli.

Shehe anapukusa mutu nati mawu osamveka samanga ukwati. Shehata anapisa chala m'kamwa kuti akolowole, koma nthawi yomweyo utoto wa mipope unayamba ntchito yake m'mimba. Anatuluka thukuta, napirira, nafinya dzanja la Medhat mpaka mnyamatayo anabuula. Kenako anasolola dzanja lake pansi pa kampango, nakweza mkanjo, nathamanga kukwera masitepe.

Anamudikira. Galimoto yodzatenga shehe inayamba kuliza hutala kumsewu waukulu. Fathalla anadzuka, nalowa mushopu yake, natulutsa nyali zake zonse n'kuziyatsa m'mbali mwa matebulo. Koma a Haja Sekina anali ataimirira kale, chikwama chili m'khwapa.

"Magetsi athima, chakudya n'cha makandulo, bambo wa mwana wathawa. Medhat, dzuka. Atsikana ku Mansoura sanathe."

Nagat anayamba kulira, utoto wa m'maso ukutsikira padiresi loyera. Apo Fathalla anaima pakati pa msewu, nayang'ana pakawindo kakang'ono ka m'mwamba, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire mkangano wawo sanadzere kwa mlongo wake.

"Alamu! Shehata! Tsikani, chonde, mwana akulira! Dzanjali ndi lanu!"

Kumwambako kunachokera phokoso, koma silinali la mawu.

Shehe anatseka buku lake, kenako anamumvera chisoni mtsikanayo nalitsegulanso. "Mwana wanga, bambo ako sangathe. Ukhoza kusankha wina wokuimira, apo ayi ine ndikupita. Ukuti bwanji?"

Nagat anayang'ana kuwindo kuja nthawi yaitali. Anayang'ana apongozi ake, amene phazi lina linali litaloza kale kumsewu waukulu.

"Amalume," anatero chapansipansi.

Kachimbudzi ka nyumba ya Shehata kali chakumsewu, ndipo chilichonse cholankhulidwa pansi chimamveka bwino lomwe. Ali chinjutamire, mano atamatana, anamva mpando ukukokedwa. Anamva shehe akuyambanso. Kenako anamva mawu a Fathalla, osadzitama ngakhale pang'ono: "Ndakupatsa mwana wa mlongo wanga, Nagat, mwana wa Shehata." Nthungululu zinaphulika, ng'oma zinagunda, ndipo pakati pa nthungululuzo anazindikira ya Zeinat, yosweka ndi misozi. Shehata analira ngati mwana, mopanda mawu, poti ngakhale kulira kumafuna pakamwa potseguka. Mwana wake mmodzi yekhayo anali ataperekedwa ndi dzanja la munthu wina, ndipo ukwati samanga kawiri.

Chimene chikanamupulumutsa chinali pafupi, kutsidya kwa kamsewu kopapatiza, ndipo mtengo wake unali funso limodzi kwa mlamu wake. Kwina mwambiwu amangounena pochenjeza ana, koma mumsewu mwathu tinauona ndi maso ukuzungulira matebulo ndi supuni m'manja: safunsa adadya phula.